Mlangizi wa Zaulimi ndi Mavuto a Ntchito Yake

Ambiri a ife amene tili pa sukulu ino tinabwera ndi ndalama za khasu. Fizi yathu, sopo, yunifolomu ndi ndalama ya basi, zonsezi zimatuluka m'thumba la mtedza, la soya, kapena m'belo la fodya. Chifukwa cha ichi ndaganiza kuti m'magazini athu ano tikambirane za munthu mmodzi amene timamlemba m'mayeso a zaulimi, koma ambiri a ife sitinamuone ataima m'munda mwa makolo athu. Munthuyo ndiye mlangizi.

Kodi mlangizi ndani, ndipo ntchito yake njotani? Ku Chitedze, pa msewu wopita ku Lilongwe, kuli malo a Boma ofufuzirako za mbewu, amene anatsegulidwa mu 1948. Kumeneko anthu ophunzira amayesa mitundu ya chimanga ndi mtedza, amapima nthaka, nafufuza matenda a mbewu. Koma nzeru zimene azipeza sizingayende zokha kuchoka ku Chitedze kudzafika kwa mayi wolima ku Tembwe kapena ku Mkanda. Pafunika munthu wozinyamula, wozimasulira m'chilankhulo cha kumudzi, ndi kuzionetsa ndi manja ake pa mzere. Munthu yemweyo ayeneranso kutenga madandaulo a mlimi ndi kubwerera nawo kwa ofufuza aja, kuti adziwe chimene chavuta m'minda. Tsono ulendo wa mlangizi ngwa kupita ndi kubwera, koma kawirikawiri wobwerawo ndiwo umaiwalika.

Ntchito imeneyi siinayambire kwathu kuno. M'dziko la Ireland matenda anagwa pa mbatata ya kachewere mu 1845, ndipo anthu ambirimbiri anafa ndi njala. Mu 1847 bwanamkubwa wa dzikolo, Lord Clarendon, anapempha kuti patumizidwe anthu oyendayenda m'midzi kukaphunzitsa alimi kalimidwe ka mbewu zina. Ku America Boma linaika lamulo lokhazikitsa ulangizi mu 1914. Maiko athu a mu Africa anaulandira kwa maboma a atsamunda, ndipo pomwepo mpamene panayambira vuto loyamba, limene mthunzi wake ukalipo.

Agogo athu akamva mawu akuti "malimidwe" saganiza za phunziro ayi, aganiza za mlandu. Mu 1946 Boma la Nyasaland linaika lamulo loteteza nthaka, ndipo itapita njala ya 1949 analilimbitsa kopambana. Anthu anauzidwa kuti aleke kulima matutu, akweze mizere yopingasa chitunda, akumbe milambala, asalime m'mphepete mwa mitsinje, ndi kuti azule mapesi a fodya ndi thonje tsiku loikika lisanapite. Wolakwira lamulo ankalipitsidwa kubwalo, wina kuzuliridwa mbewu, wina kumangidwa kumene. Munthu amene ankayenda ndi chingwe kupima mizere ndiye yemweyo ankakanena anthu kwa mfumu ndi kwa bwana D.C. Masiku amenewo boma lathu lino linkatchedwa Fort Manning. Kodi munthu wotere mungamuitane kuti adzaone chimanga chanu chodwala? Akatulukira uko, mwini munda amalowa m'tchire.

Chodabwitsa nchakuti zambiri zimene ankaphunzitsazo zinali zoona. Mzere wopingasa umagwira madzi ndithu, ndipo lero palibe mlimi kuno amene afuna kapitawo kuti amuuze zokweza mizere. Chimene chinalakwika ndi chikakamizo. Nchifukwa chake nkhani ya malimidwe inasakanizika ndi ya ndale. Mu 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo Boma linaichotsa pa mpando. Dr. Banda atakhala nduna yoona za nthaka ndi ulimi mu 1961, anathetsa zomanga anthu, nati alangizi azikopa alimi ndi mawu.

Panalinso njira ina imene inayesedwa m'zaka za m'ma 1950, yosankha alimi ochepa ochita bwino ndi kuwapatsa mphotho, poyembekeza kuti anzawo adzatengera chitsanzo. Koma kuti munthu alowemo anayenera kukhala ndi munda waukulu wa pamalo amodzi, kotero kuti m'dziko lonse analowamo mazana owerengeka okha, ndipo anzawo m'malo mowatsanzira ankawayesa okondedwa a Azungu. Ufulu utabwera maganizo omwewo anabweranso ndi dzina lina, la Achikumbe. Apa tiphunzirapo chinthu chimene chimachitika m'maiko ambiri osauka: mlangizi amakokedwa ndi mlimi amene ali kale ndi ng'ombe, ngolo ndi feteleza, pakuti kwa iyeyo uphungu umaoneka zipatso msanga, ndipo lipoti la mwezi limakoma. Mayi wamasiye wa ekala imodzi amatsala.

Mu 1978 Boma linayamba kugawa dziko lonse m'zigawo 8 za chitukuko cha ulimi, ndipo Mchinji inagwera m'chigawo cha Kasungu. Mu 1981 linabweretsa njira yatsopano, yotengera imene World Bank inkafalitsa ku India ndi maiko ena ambiri motsogozedwa ndi Daniel Benor. Dera la mlangizi linkadulidwa m'magawo 8, ndipo gawo lililonse linali ndi tsiku lake ndi munda wake wachitsanzo, kumene mlangizi ankafika kamodzi pa milungu iwiri iliyonse. Pa pepala njirayi inali yokongola. Koma inkafuna antchito ambiri, mafuta ambiri ndi maphunziro osatha, ndipo uthenga unkachokera kumwamba wofanana kwa onse, wa ku dambo ndi wa ku mtunda yemwe. Ndalama za ngongole zakunja zitatha, maboma sanathe kuisenza okha, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 World Bank yomweyo inaisiya.

Masiku amenewo alangizi ankayang'aniranso makalabu a ngongole ya mbewu ndi feteleza. Amene anali m'kalabu ankamuona mlangizi kawirikawiri, amene anali kunja sankamuona. Ndipo nthawi yokolola ikafika, mphunzitsi uja ankasanduka wolonjerera ngongole. Chilala cha 1992 chitapsereza minda, ndi ndale za zipani zambiri zitalowa, anthu ambiri analeka kubweza, ngongole ija inagwa, ndipo makalabu ochuluka anabalalika.

Tsono tibwere ku mavuto a masiku ano. Loyamba ndi la chiwerengero, ndipo ili tingalione ndi masamu a Fomu 1. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi. M'dziko muno mlangizi mmodzi wa Boma amayang'anira mabanja pafupifupi 2,000, ndipo m'madera ena oposa pamenepo, chifukwa malo ambiri a ntchito ali opanda munthu, ndipo wotsalayo amagwirizira dera la mnzake amene anapuma, anamwalira kapena anapita ku bungwe lolipira bwino. Tiyeni tiyerekeze kuti mlangizi wathu ngwakhama, ndipo amayendera minda 5 pa tsiku, masiku 20 pa mwezi. Pa mwezi wafika minda 100. Kuchokera mu Disembala mvula itagwa kufikira mu Epulo wafika minda 500. Mabanja 1,500 sanamuone, ndipo 500 aja anamuona kamodzi kokha, wina pobzala, wina chimanga chitauma kale. Tsono munthu akati mlangizi wa kwathu ngwaulesi, ayambe wachita masamu amenewa.

Onjezanipo mayendedwe. Ambiri amayenda pa njinga yakapalasa, ndipo amene ali ndi njinga yamoto nthawi zambiri alibe mafuta. Nyengo imene mlimi afuna mlangizi koposa ndiyo yomwe misewu yathu ya dothi lofiira imasanduka phala, ndi timitsinje tothira mu Bua timadzaza. Nyumba za alangizi m'madera ambiri nzakale ndi zowonongeka, kotero ambiri amakachita lendi pa malo a malonda monga Kamwendo kapena ku boma, kutali ndi anthu awo. Mlangizi wokhala pakati pa anthu amafunsidwa nzeru pa chitsime, pa maliro ndi potuluka m'tchalitchi. Wokhala kutali amaonekera pa msonkhano pokha.

Vuto lachiwiri ndi ntchito zina zimene amsenzetsa. Mu 1998 kunabwera timapaketi ta mbewu ndi feteleza taulere. Mu 2005 Boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo mu 2020 ndondomekoyi inasinthidwa dzina nkukhala AIP, anthu nkumagula poonetsa chiphaso cha unzika. Sindikunena kuti feteleza wotsika mtengo ngwoipa. Ambiri a ife tinakula ndi nsima ya makuponi. Koma taonani chimene chinachitikira mlangizi. Miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, imene anayenera kuphunzitsa za manyowa, za kusankha mbewu ndi kukonza mizere, ankaithera polemba maina ndi kuweruza mikangano ya amene alowe ndi amene atsale. Makuponi sakwanira mudzi wonse. Wotsala aliyense amakhala ndi munthu womukwiyira, ndipo amene ali pafupi ndi mfumu ndi mlangizi. Komanso m'zaka zingapo makuponi okha ankadya ndalama zoposa theka la zonse za Unduna wa Zaulimi, ulangizi ndi kafukufuku nkumagawana nyenyeswa. Maiko a mu Africa analonjezana ku Maputo mu 2003 kuti aziika gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama za Boma ku ulimi. Malawi anakwanitsa lonjezolo zaka zambiri, koma ndalamazo zinkagula matumba, osati kuphunzitsa munthu wothira zili m'matumbamo.

Ndipotu feteleza wopanda nzeru ndi ndalama yotaya. Wina amamwaza pamwamba dzuwa lili phwee, wina amachedwetsa wobereketsa mpaka chimanga chitamasula, wina amagawa thumba limodzi m'maekala atatu kuti paliponse palaweko. Wina munda wake wagwidwa ndi kaufiti, ndipo chimene ufuna ndi kasinthasintha wa mbewu ndi manyowa, koma iye akungothira feteleza chaka ndi chaka nadabwa kuti chimanga sichikula.

Vuto lachitatu ndilo limene ine ndiliona lalikulu kopambana, ngakhale silitchulidwa kawirikawiri m'mabuku athu. Ndilo kuchuluka kwa milomo. Mu 2000 Boma linatulutsa mfundo zatsopano zakuti ulangizi usakhale wa Boma lokha, koma mabungwe, makampani, mipingo ndi magulu a alimi alowemonso, ndiponso kuti mlimi azipempha yekha uphungu umene aufuna. Maganizowo ngabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma osenza denga akapanda kumvana, wina kukokera kum'mawa wina kumadzulo, denga limagwera anthu.

Taganizani za mlimi wa zaka 70. Ali mwana anaona atate ake akulipitsidwa chifukwa chosakweza mizere. Atakula anauzidwa kubzala mbewu 3 pa phando, mapando otalikirana masentimita 90. Cha mu 1999 bungwe la Sasakawa linafika ndi njira ya mbewu imodzi pa phando, masentimita 25 kuchoka phando kufika linzake, ndi mizere yotalikirana masentimita 75, imene imapereka mapesi oposa 53,000 pa hekitala m'malo mwa 37,000. Anaphwanya mizere yake naiyandikizanitsa. Pasanapite nthawi kunafika ena a ulimi wa mtayakhasu, namuuza kuti asakwezenso mizere konse, aphimbe nthaka ndi mapesi. Wa za ziweto akuti mapesi omwewo asungire ng'ombe. Wa kampani ya mbewu akuti agule ya haibulidi chaka chilichonse. Wa bungwe lina akuti asunge ya makolo. Njira iliyonse mwa izi ili ndi malo ake ndi zifukwa zake, koma palibe amene amakhala pansi ndi mkuluyo kumfotokozera kuti iyi iyenera munda wotere, iyo munda wotere. Aliyense amatamanda yake, najambula zithunzi, ndipo zaka zitatu zikatha pulojekiti yatha, galimoto silionekanso. Tsono mkulu uja akamangogwedeza mutu pa msonkhano nkukachita zake kumunda, ife ana a sukulu timati ngosamva zachitukuko. Ine ndiyesa kuti ngwochenjera. Munda wake ndi umodzi, ndipo akauyesera njira yolakwika palibe bungwe lidzamdyetse mu Febuluwale.

Mabungwe ena anazolowetsanso anthu ndalama ya pa msonkhano ndi zakumwa. Tsono mlangizi wa Boma akaitana msonkhano wopanda kanthu m'manja, anthu amayamba afunsa ngati kuli kangachepe. Za mlimi kupempha yekha uphungu, ndingoti munthu sapempha chimene sanachimve. Amene sadziwa kuti kuli mankhwala opaka mbewu ya soya kuti mizu yake ipange chakudya cha m'nthaka, adzawafunsa bwanji? Makomiti a zaulimi a m'midzi ndi a m'madera anakhazikitsidwa kuti azinyamula zopempha za alimi, koma ambiri amakumana pokhapokha pali bungwe lowalipirira ulendo.

Palinso nkhani ya amayi. Aliyense wa ife adziwa amene amakhala m'munda nthawi yaitali pa kwawo. Kubzala, kupalira, kuthothola ndi kuswa mtedza, kupeta ndi kusunga mbewu, zambiri zili m'manja mwa amayi. Pakati pa Achewa a chikamwini munda womwewo ngwa kuchikazi. Koma alangizi ambiri ndi amuna, ndipo pa msonkhano abambo amakhala pa mipando kutsogolo, amayi pansi kumbuyo ndi ana, ndipo mafunso amachokera ku mipando. Msonkhano ukaitanidwa nthawi yophika kapena yotunga madzi, uphungu wa mtedza umamvedwa ndi munthu amene sadzagwira mtedzawo kufikira tsiku logulitsa.

Popeza ndatchula mtedza, ndikhalepo pang'ono, pakuti ndiyo mbewu imene Mchinji imadziwika nayo, ndipo imationetsa pamene ulangizi umagwira ndi pamene umalephera. Kale mtedza wa Chalimbana wa m'dziko muno unkagulidwa ku Ulaya. Msikawo unatayika pa zifukwa zingapo, ndipo chimodzi chachikulu ndi chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso, satha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo amawononga chiwindi. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu umene poizoniyu wapitirira magawo 4 mwa magawo 1,000,000,000. Chuku chimalowa mtedza ukakumana ndi ng'amba uli pafupi kukhwima, makoko akaboola ndi chiswe kapena khasu, ukayanikidwa pa dothi, ndipo makamaka ukawazidwa madzi kuti makoko afewe poswa. Chizolowezi chowaza madzichi chili ponseponse, chifukwa zala zimapweteka, ndiponso ena amafuna kuti mtedza ulemere pa sikelo.

Ofufuza a ku Chitedze pamodzi ndi a bungwe la ICRISAT anatulutsa mtedza wa CG7 mu 1990, ndipo pambuyo pake wa Nsinjiro, umene umapirira matenda a kadukutu. Anaphunzitsanso kuti kadukutu amafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu, ndipo kubzala ndi mvula yoyamba, mothithikana, kumachepetsa matendawa. Anaonetsa njira younjika mtedza wozulidwa mozungulira, masamba kunja, pakati posiya mpata wa mphepo, kuti uume bwino osanyowa. Nzeru zonsezi zilipo. Nanga zinagwira kuti? Zinagwira kwambiri pakati pa alimi a m'bungwe la MASFA la kuno ku Mchinji, limene lili pansi pa NASFAM, pamene linayamba kutumiza mtedza ku Britain m'zaka za m'ma 2000. Kumeneko mtedza unkapimidwa, wabwino nkulandira mtengo wabwino. Mlimi anaona kuti kusankha ndi kuyanika bwino kuli ndi malipiro, ndipo sanafune kuuzidwa kawiri.

Koma kwa venda wa sikelo ya pa mtengo, wabwino ndi wachuku mtengo wake ndi umodzi. Ife tili pa malire. Msewu wa ku Chipata uli pomwepa, ndipo njira zodutsa m'minda nzosawerengeka. Mbewu zimaoloka uku ndi uku kutsata kumene ndalama yalimba chaka chimenecho, ndipo wogula wothamanga safunsa za chuku. Tsono mlangizi anene chiyani kwa mayi amene wataya masiku atatu kusankha mtedza nkulandira mtengo womwewo ndi mnzake wowaza madzi? Choipa china nchakuti mtedza wosankhidwa kuti ngwoipa sutayidwa. Umasinjidwa nkukhala nsinjiro za m'ndiwo ndi za m'phala la mwana. Wabwino wapita ku msika, wachuku tadya tokha. Apa ndipo ndiona kuti mlangizi wa zaulimi ndi wa zaumoyo anayenera kuyenda njinga imodzi.

Uphungu wopanda msika uli chomwecho, ndipo uphungu wopanda zipangizo ndi chimodzimodzi. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2022 ndiponso kwambiri mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa feteleza unakwera kufika poti mabanja ambiri sangaufikire. Buku likuti matumba awiri pa ekala, limodzi lokulitsa ndi limodzi lobereketsa. Mlimi ali ndi ndowa imodzi. Mlangizi amene angobwereza za m'buku wataya mawu ake. Wanzeru amafunsa kuti, ndi ndowa imodziyi tichite chiyani? Amuuza athire pa kachigawo kochepa moyenera, kwinako abzale soya, mtedza kapena nandolo, ndipo aphunzire kusakaniza feteleza wochepayo ndi manyowa. Koma uphungu wotere ufuna munthu woganiza pa munda uliwonse payekha, ndipo munthu wa mabanja 2,000 nthawi imeneyo aitenga kuti?

Mlangizi naye afunika kuphunzitsidwa kosalekeza, pakuti adani a mbewu amasintha. Chitsanzo ndi mbozi zija zinachokera ku America, zimene zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016 ndi kufika kwathu m'dzinja la 2016 ndi 2017. Anthu anazitcha ntchemberezandonda monga zakale zija, koma khalidwe lake nlosiyana. Zakalezo zimabwera gulu, kudya poyera, nkupita. Zatsopanozi zimabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, momwe masamba atsopano amatulukira, ndipo zakhazikika. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Chaka choyambacho alangizi ambiri anazionera limodzi ndi alimi, osaziphunzirapo ku koleji. Alimi sanakhale manja lende. Ena anathira dothi kapena mchenga m'nsonga, ena phulusa, ena msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzadya mbozi, ena madzi a masamba a nimu. Ofufuza anadzayamba kuyesa zina mwa njira zimenezi pambuyo pake. Uwu ndiwo ulendo wobwera uja ndinaunena, nzeru kuchoka ku munda kupita ku Chitedze. Ku Indonesia mu 1989 anayambitsa sukulu za m'munda pa maganizo omwewa, zakuti alimi azikumana mlungu uliwonse pa munda umodzi, kuyang'ana tizilombo ndi maso awo, kuyesa njira ziwiri moyandikana ndi kuweruza okha. Sukulu zotere zinafika ndi kuno, ndipo kumene zayenda bwino anthu amazikonda, koma nazonso zimafuna wozitsogolera wodziwa ndi nyengo yathunthu.

Poona kuchepa kwa alangizi, Boma ndi mabungwe anayamba kusankha alimi otsogola, anthu a m'mudzi momwemo amene amaphunzitsidwa pang'ono kuti akaphunzitse anzawo. Ubwino wake ngwakuti munthuyo salipira lendi ku Kamwendo, ndipo munda wake uli poonekera. Koma salandira malipiro, ali ndi munda wake womudikira, ndipo akasankhidwa chifukwa ndi mphwake wa mfumu anthu samupita pafupi. Uthenga nawo ukadutsa pakamwa pambiri umafika utaduka miyendo. Masentimita 25 amasanduka "pafupipafupi".

Ena akuti wailesi ndi foni zidzatha vutoli. Nzoona kuti zathandiza. Pulogalamu ya Ulimi wa Lero yaphunzitsa anthu zaka zambiri pa MBC, ndipo kuno tili ndi wailesi ya Mudzi Wathu imene imalankhula za m'boma lathu lomwe lino. Pa foni munthu angamve za nyengo ndi za mitengo. Koma wailesi siingatembenuze tsamba kuona mazira a mbozi kunsi kwake, ndipo siingafumbate dothi kumva ngati lili ndi chinyontho. Foni nayo m'mabanja ambiri imakhala m'thumba la abambo.

Tsono funso likubwera kwa ife. Alangizi amaphunzira ku Natural Resources College ndi ku Bunda, makoleji amene tsopano ali pansi pa LUANAR. Tsiku lina aphunzitsi athu anafunsa m'kalasi ntchito imene aliyense afuna. Kunatuluka madokotala, maloya, anamwino, oyendetsa ndege awiri, ndi mmodzi wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Wa ulangizi sanapezeke, chonsecho pafupifupi tonse m'kalasimo ndife ana a alimi. Sindikudzudzula anzangawo. Munthu amene waona mlangizi akukankha njinga yophulika m'matope, malipiro ake osafika pakati pa mwezi, sangalote ntchito imeneyo. Ngakhale amene amaliza maphunziro a zaulimi ambiri amafuna ofesi ya mu Lilongwe, ndipo ena amakhala zaka osalembedwa ntchito pamene madera ali opanda alangizi, chifukwa Boma lilibe ndalama zowalembera.

Komabe pali kanthu kamene tingachite tisanalandire satifiketi iliyonse, ndipo matchuthi athu anagwa bwino. Tchuthi cha Khirisimasi chimapeza chimanga chili chaching'ono. Mwana wa sukulu angathe kuyenda m'mizere m'mawa kawiri pa mlungu, kuyang'ana masamba obooka ndi kuphwanya mazira a mbozi asanaswe. Angadule kamtengo ka masentimita 25 ndi rula yake ya masamu nkusiyira amayi. Koposa zonse angawerenge zolembedwa pa botolo la mankhwala. Mabotolo ambiri ogulidwa pa msika amalembedwa m'Chingerezi, ena ochokera ku Mozambique m'Chipwitikizi, ena alibe pepala konse, ndipo makolo athu amathira mwa kuyerekeza, opanda chotchinga kukamwa, nasungira mchere kapena mafuta m'botolo lotha. Mapiritsi ofukizira chimanga amatulutsa mpweya wakupha, ndipo sayenera kuikidwa m'matumba a m'nyumba yogona anthu, ngakhale wogulitsa anene zotani.

Tchuthi chachitali chimatipeza pa mphasa tikuswa mtedza. Pamenepo padzakhala beseni la madzi pafupi, ndipo wina adzati tiwaze pang'ono, zala zatopa. Kuwaletsa agogo si chinthu chapafupi kwa mdzukulu, ndipo mukayamba ndi mawu akuti aflatoxin adzakufunsani ngati fizi yonse ija inapita pa mawu amenewo. Ine ndaona kuti chimene chimamveka ndi kutenga mtedza wowazidwa dzanja limodzi ndi wouma dzanja limodzi, kuika m'timapepala tiwiri ta pulasitiki, kumanga, ndi kudzamasula pamodzi ndi agogowo patapita mlungu umodzi.